Kodi Machenjezo a Zanyengo Achuluka? Phunziro la Makomiti a m'Madoko

Mau oyamba

Nyengo ya mwera ikafika, pali dandaulo limene silisowa pa misonkhano ya makomiti a m'madoko. Asodzi amati a zanyengo analengeza kuti kubwera mphepo yoopsa, iwo anakwezera maboti kumtunda, koma nyanja inagona bata usiku wonse ndipo anzawo amene sanamvere anabwera ndi usipa wodzaza boti. Amayi oyanika nsomba nawonso amati wailesi inanena kuti kugwa mvula, iwo anaopa kugula nsomba, koma dzuwa linawala tsiku lonse. Ena afika ponena kuti machenjezo achulukitsa, choncho palibenso chifukwa chowamvera.

Dandaulo ili si lopanda pake. Usiku umodzi wosapita pa nyanja ndi ndalama yotayika kwa mwini boti, alovi, siginala, ogula nsomba ndi onse odalira doko. Koma kusiyiratu kumvera machenjezo kungatitayitse zambiri kuposa apa. M'phunziro lino tiona zimene a zanyengo amatha kudziwa bwino, zimene zimawavuta, ndi mmene komiti ingayesere yokha ngati machenjezo akugwira ntchito pa doko lake. Tikupempha kuti phunziroli liwerengedwe pa msonkhano pamene pali amuna, amayi ndi achinyamata, ndipo mafunso ali kumapetowo akambidwe ndi onse.

1. Kulosera nyengo kuli mitundu itatu

Uthenga wa nyengo m'dziko muno umachokera ku Dipatimenti yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo, imene likulu lake lili ku Blantyre. Uthenga umenewu suli wa mtundu umodzi, ndipo ambiri timakhumudwa chifukwa chosakaniza mitunduyi.

Mtundu woyamba ndi ulosi wa dzinja lonse. Umatuluka mvula isanayambe, ndipo umanena ngati chigawo chilandire mvula yochuluka, yapakatikati kapena yochepa m'miyezi ingapo. Ulosi umenewu sunena tsiku kapena mudzi. Mwachitsanzo, dzinja la 2023 mpaka 2024 lisanayambe, kunanenedwa kuti kuli El Niño, kumene ndi kutentha kwa madzi a nyanja yaikulu ya Pacific kumene kawirikawiri kumachepetsa mvula kum'mwera kwa Africa. Ng'amba inachitikadi, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi. Komabe chaka chomwecho madzi a nyanja ya Malawi anakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, chifukwa madzi ambiri a nyanjayi amachokera ku mvula ndi mitsinje ya kumpoto ndi ku Tanzania. Munthu woima pa gombe akanati ulosi unanama, pamene mlimi wa ku Balaka akanati unanena zoona.

Mtundu wachiwiri ndi ulosi wa tsiku ndi tsiku kapena wa masiku ochepa. Uwu ndiwo timaumva pa wailesi ndi kuulandira pa foni. Ulosi wa mawa ndi mkuja ndi wodalirika kuposa wa sabata ya mawa. Masiku akamatalikira, kudalirika kwake kumatsika.

Mtundu wachitatu ndi chenjezo. Ili limatuluka pamene pakuoneka chinthu chimene chingaononge moyo kapena katundu, monga mwera wamphamvu, mvula yamkuntho kapena namondwe. Chenjezo limanena za chiopsezo. Silikulonjeza kuti ngozi ifika pa doko lililonse.

2. Zina n'zosavuta kulosera, zina n'zovuta

Mwera, umene umaomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, sumayambira pa nyanja yathu. Umayamba pamene mpweya wozizira ndi wolemera waunjikana kum'mwera chakum'mawa, cha ku South Africa ndi nyanja ya mchere ya India, n'kuyamba kukankhira kumpoto kudzera ku Mozambique. Mpweya womwewu ndiwo umabweretsa chiperoni ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre. Popeza ndi chinthu chachikulu choyenda mtunda wautali, a zanyengo amachiona pa zithunzi za setilaiti ndi pa makompyuta masiku awiri kapena atatu chisanafike. N'chifukwa chake chenjezo la mwera ndi limodzi mwa machenjezo oyenera kuwadalira kwambiri. Chimene chimavuta ndi kudziwa ola lenileni limene uyambe ndi kukula kwake pa malo alionse.

Anamondwe ochokera ku nyanja ya India nawonso amaoneka akadali kutali. Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 onse analengezedwa asanafike pa chimake. Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno tikawerengera ndi amene sanapezeke, makamaka m'chigawo cha kum'mwera, ndipo madera ozungulira nyanja ya Chilwa anasefukira. Apa vuto silinali kuchuluka kwa machenjezo. Ena uthenga sunawafike, ena unawafika koma analibe kothawira, enanso sanakhulupirire kuti zifika pamenepo.

Mvula ya mabingu ya m'dzinja ndi yosiyana. Mtambo umodzi wa mabingu umatha kubadwa, kukula ndi kutha mu ola limodzi kapena awiri, ndipo umangokuta makilomita ochepa. A zanyengo amatha kudziwa kuti lero mlengalenga muli chinyezi ndi kutentha kokwanira kubala mitambo yotere, koma sangathe kunena dzulo lake kuti mtambowo uima pa doko liti. N'chifukwa chake mvula imagwa ku Chipoka pamene ku Senga Bay kuli dzuwa, madoko onsewa ali m'boma limodzi la Salima ndipo anamva ulosi umodzi.

Asodzi a usiku tidziwenso ichi. Madzi amasunga kutentha kuposa nthaka. Usiku mtunda ukazizira, mpweya umatsikira ku nyanja kuchokera mbali zonse ziwiri, n'kukumana pakati, n'kukwera m'mwamba. M'dzinja izi zimatha kubala mitambo ya mabingu pakati pa nyanja usiku kapena m'bandakucha, nthawi imene a chilimira ali kutali ndi gombe. Anthu ogona kumtunda amadzuka n'kumati sikunachitike kanthu, pamene pakati pa nyanja panali zoopsa.

3. Chenjezo ndi limodzi, nyanja ndi yaikulu

Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 550, ndipo pena ndi yotambalala makilomita 75. Kukula kwa mafunde kumadalira zinthu zitatu: liwiro la mphepo, nthawi imene yakhala ikuomba, ndi kutalika kwa madzi amene yadutsapo popanda chotchinga. Mwera umatsata nyanja m'litali mwake kuchokera kum'mwera, choncho mafunde amanka nakula pamene akupita kumpoto ndi pamene akumenya magombe oyang'ana kum'mwera ndi kum'mawa. Doko lobisika kuseri kwa phiri, monga Monkey Bay kapena Chembe, limatha kukhala bata pamene ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay nyanja yawira. Mpoto ukayamba zinthu zimatembenuka, madoko amene anabisika kwa mwera ndiwo amalandira mafunde.

Tsono chenjezo likanena kuti pa nyanja ya Malawi pakhala mphepo yamphamvu, n'zotheka kuti pa doko lanu pasachitike kanthu koma chenjezolo n'kukhala loona. Kumbukiraninso kuti bata la pa gombe silinena za kumene mukukaponya ukonde. Boti likangotuluka kuseri kwa phiri limakumana ndi mphepo yonse.

Chinanso n'chakuti mphamvu ya mphepo siikula mofanana ndi liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yokankha boti imawirikiza kanayi. Mphepo ya makilomita 40 pa ola imakankha kanayi kuposa ya makilomita 20 pa ola. Ngakhale sitima zikuluzikulu zimagonja. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Viphya inamira kumpoto kwa nyanja, cha ku Chilumba, chifukwa cha mphepo yamkuntho, ndipo anthu 145 anafa. Umenewu unali mwezi wa mwera. Ngati sitima yachitsulo inamira, bwato ndi boti la matabwa lodzaza nsomba sizingalimbane ndi nyanja yotere.

Asodzi a ku Malombe, Chilwa ndi Chiuta musati izi ndi za anzathu a nyanja yaikulu okha. Madzi osaya amautsa mafunde afupiafupi ndi osongoka msanga, ndipo bwato limadzaza madzi munthu asanakonzeke.

4. Tanthauzo la mwayi wa mvula

Nthawi zina ulosi, makamaka wa pa foni, umanena kuti mwayi wa mvula ndi 60 peresenti. Izi sizitanthauza kuti mvula igwa ndithu. Zikutanthauza kuti pa masiku 10 ooneka ngati limeneli, mvula imagwa masiku 6 ndipo masiku 4 siigwa. Choncho ikapanda kugwa lero, ulosi sunaname. Unganame ngati pa masiku ambiri otere mvula yagwa kamodzi kokha kapena yagwa masiku onse.

Ife asodzi timadziwa kale kaganizidwe kameneka. Siginala wodziwa ntchito akati malo akuti pali usipa, sitiyembekeza kuti alondola usiku uliwonse. Timamuyesa pa mwezi wonse kapena chaka chonse. Akalondola kawirikawiri timamusunga, ngakhale masiku ena tibwere chimanjamanja. A zanyengo tiwayese chimodzimodzi, osati ndi usiku umodzi umene watipweteka mtima.

5. Nanga machenjezo achulukadi?

Wochenjeza aliyense angathe kulakwa m'njira ziwiri. Angachenjeze koma chinthu osabwera, kapena angakhale chete chinthu n'kubwera. Njira ziwirizi zimakokana. Akafuna kuchepetsa machenjezo opita pachabe, ayenera kudikira mpaka atatsimikiza kwambiri, ndipo pamenepo masiku ena oopsa adzadutsa popanda chenjezo. Akafuna kuti tsiku loopsa lisamuphonye, adzachenjeza kambiri, ndipo ena mwa machenjezowo adzapita pachabe. Palibe dziko limene linathetsa zonse ziwiri.

Funso ndi lakuti kulakwa kuti kumene kuli kodula. Tiyerekeze chabe, ndipo komiti iliyonse iikemo mitengo yake. Tinene kuti boti, injini ndi chilimira pamodzi mtengo wake ukufanana ndi phindu la mausiku 200 a usodzi. Tinenenso kuti m'chaka mwabwera machenjezo 10 ndipo inu mwamvera onse. Mwataya mausiku 10. Ngati mwa mausiku amenewo umodzi wokha ukanamiza boti, mwapulumutsa mausiku 200 polipira 10. Apa sitinawerengere moyo wa anthu amene anali m'botimo, umene sitingauikire mtengo, ndi ana amene akanatsala amasiye.

Kwa oyanika nsomba kuwerengera kwake n'kwina. Mvula ikanyowetsa usipa pa thandala, nsomba imaola kapena kutsika mtengo, koma moyo sutayika. Choncho ulosi wa mvula usakuletseni malonda nthawi zonse. Mwayi wa mvula ukakhala wochepa, gulani ndi kuyanika koma pulasitiki wofunditsa akhale pafupi ndipo pakhale munthu wolondera. Ukakhala waukulu ndiponso kwa masiku angapo otsatizana, gulani zochepa, kapena konzekerani kufwafwaza, kuwamba kapena kugulitsa zaziwisi. Ulosi ndi umodzi, koma chochita chimasiyana malinga ndi chimene munthu angataye.

Komabe tisabise kuti chenjezo lokuta nyanja yonse, losanena tsiku loyamba ndi lothera, limatopetsa anthu. Munthu akamva mau omwewo kawirikawiri osaona kanthu, khutu limazolowera, ndipo tsiku loopsa lenileni amapita pa nyanja. Vuto linanso ndi mauthenga oyenda pa WhatsApp. Chenjezo la chaka chatha limatha kutumizidwanso ngati la lero, ndipo ena amawonjezera mau awo oopseza. Pamenepo anthu amaona ngati a zanyengo akuchenjeza tsiku lililonse, pamene ambiri mwa mauthengawo sanachokere kwa iwo. Mankhwala ake si kutseka makutu, koma kufunsa mafunso anayi pa chenjezo lililonse: lachokera kwa ndani, lalembedwa liti, likunena dera liti, ndipo litha liti. Safunsa anadya phula.

6. Nzeru za makolo zisatayidwe

Akuluakulu a m'madoko amadziwa kuwerenga nyanja. Amaona mtundu wa mitambo pamwamba pa mapiri, kumene mafunde akuchokera mphepo isanafike, ndi kuzizira kwa mpweya madzulo. Amasiyanitsa mwera, mpoto, vuma ndi zambwe, ndipo amadziwa mphepo imene imavuta pa doko lawo. Ku chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, usodzi umatsekedwa m'dzinja motsogozedwa ndi mfumu Makanjira, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950. Kutsekaku kumapatsa nsomba mpata woswana, komanso kumachotsa asodzi pa chilumba m'miyezi ya mphezi ndi mvula yamkuntho.

Nzeru ziwirizi zimathandizana. A zanyengo amaona zimene zikubwera kuchokera kutali, masiku awiri kapena atatu zisanafike, zimene maso athu sangaone. Akuluakulu amaona zimene zikuchitika pa doko pano maola ochepa akubwerawa, zimene kompyuta ya ku Blantyre singazione bwino. Lamulo losavuta ndi ili: mmodzi mwa awiriwa akati kuli choopsa, tisapite kutali. Tisadikire kuti onse awiri agwirizane.

Pa za mphezi pali njira imene aliyense angaigwiritse ntchito. Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka mutamva bingu. Masekondi 3 alionse ndi kilomita imodzi. Mukawerenga osafika 30, mphezi ili pafupi kuposa makilomita 10 ndipo ingathe kukufikani. Pa nyanja palibe chinthu chachitali kuposa munthu woima m'boti, choncho yambani ulendo wa kumtunda nthawi yomweyo.

7. Buku la nyengo la pa doko

M'malo mokangana ngati a zanyengo amanama kapena ayi, komiti iliyonse ikhale ndi kope lakelake. Mlembi, kapena wachinyamata wosankhidwa ndi komiti, azilemba tsiku lililonse zinthu izi:

a) Tsiku, ndi zimene ulosi kapena chenjezo linanena, ndi kumene linamvedwa.

b) Zimene zinachitika pa gombe: kumene mphepo inachokera, kukula kwake, ndi ngati mvula inagwa.

c) Zimene anakumana nazo amene anapita kutali pa nyanja.

d) Ngozi kapena katundu amene anaonongeka.

Poyesa mphepo sipafunika makina. Fumbi ndi timapepala zikamauluka ndipo mafunde a mitu yoyera ayamba kuchuluka, mphepo yadutsa makilomita 20 pa ola. Mitengo ing'onoing'ono ikamagwedezeka yonse, yafika cha m'ma 30. Nthambi zikuluzikulu zikamagwedezeka ndipo ambulera akuvuta kugwira, yafika 40 kapena kuposa.

Pakutha pa mwezi, gawani masiku m'magulu anayi: anachenjeza ndipo kunaipa, anachenjeza koma kunali bata, sanachenjeze koma kunaipa, sanachenjeze ndipo kunali bata. Mtima wa munthu umasunga kwambiri gulu lachiwiri chifukwa ndilo linatidyera ndalama, n'kuiwala masiku amene chenjezo linatipulumutsa chifukwa patsikulo sipanachitike maliro. Kope siliiwala. Pakatha nyengo imodzi ya mwera ndi dzinja limodzi, mudzadziwa kuti ndi machenjezo ati amene amagwira pa doko lanu, ndi mphepo iti imene muyenera kuiopa kwambiri. Zotsatirazi muzipereke kwa mlangizi wa usodzi wa dera lanu kuti azifikitse ku ofesi ya boma ndi kwa a zanyengo. Malo oyezera nyengo pa nyanja ndi ochepa, choncho zolemba za m'madoko zingathandize kuti machenjezo a m'tsogolo azitchula madera mwachindunji.

8. Zoyenera kuchita komiti

1. Sankhani anthu awiri, mwamuna ndi mayi, oti azimvera ulosi tsiku lililonse pa MBC kapena pa wailesi za m'madera monga Dzimwe ku Mangochi ndi Nkhotakota Community Radio, ndi kuuza anthu maboti asananyamuke.

2. Gwirizanani chizindikiro chimene aliyense angachione, monga mbendera pa mtengo wa pa doko. Chenjezo likatha, mbenderayo itsitsidwe msanga. Mbendera yokhala m'mwamba sabata yonse imasanduka nsalu chabe.

3. Gawani zochita m'masitepe atatu: tsiku la bata, tsiku lopha nsomba pafupi ndi gombe n'kubwerako msanga, ndi tsiku losalowa m'madzi. Si chenjezo lililonse limene likufuna kuti ntchito yonse iime.

4. Kambiranani ndi eni maboti pamaso pa a mfumu kuti mlovi wokana kupita pa nyanja tsiku la chenjezo asachotsedwe ntchito. Kawirikawiri wolamula kuti boti lipite amatsala kumtunda, ndipo wokamira ndi wina.

5. Boti lililonse likhale ndi nkhafi ngakhale lili ndi injini, chokapira madzi, nangula, mafuta apadera, majekete oyandamitsa munthu, ndi foni yokulungidwa mu pulasitiki. Lisadzazidwe mopitirira muyeso, ndi nsomba kapena ndi anthu.

6. Lembani maboti amene atuluka, anthu amene alimo ndi kumene apita, kuti likachedwa kubwera anthu adziwe koyambira kufunafuna.

7. Limbikitsani mabanja kusunga kangachepe m'masiku a nsomba zambiri, monga kudzera ku banki m'khonde. Ambiri amapita pa nyanja yoipa akudziwa, chifukwa kunyumba kulibe ufa. Banja lokhala ndi chosunga limatha kudikira masiku awiri kapena atatu kuti mwera udutse.

Masiku okhala kumtunda asapite pachabe. Ndiyo nthawi yosoka maukonde, kumata maboti, kukonza injini ndi matandala, ndi kuchita misonkhano ya komiti pamene anthu onse alipo.

Mafunso okambirana

1. Ndi mphepo iti imene imaononga kwambiri pa doko lathu, ndipo imabwera miyezi iti?

2. Chaka chathachi, ndi kangati tinamva chenjezo koma kunali bata? Nanga ndi kangati kunaipa popanda chenjezo? Kodi tikukumbukira bwino kapena tikungoganizira?

3. Boti, injini ndi ukonde wathu zikufanana ndi phindu la mausiku angati a usodzi?

4. Ndani pa doko pano amene uthenga wa nyengo sumufika? Nanga asodzi obwera kuchokera kumadoko ena timawauza bwanji?

5. Ndani asunge kope la nyengo, ndipo tiyamba liti?

Komiti ikamaliza kukambirana, mlembi alembe zimene mwagwirizana ndi maina a amene apatsidwa ntchito, ndipo pepala limodzi lipite kwa mlangizi wa usodzi pa ulendo wake wotsatira.